Chifukwa chimene mtengo wa nandolo unakwerera mu 2015 ndi kugwa mu 2017

Chaka chilichonse, mvula ikamayandikira, mlimi amayenera kusankha mbewu zoti adzale, ndipo chimene amadalira kwambiri posankhapo ndi mtengo wa chaka chatha. Mbewu imene inagulidwa bwino amaionjezera mizere, imene inamukhumudwitsa amaichepetsa. Sindikuona cholakwika ndi kaganizidwe kameneka, chifukwa kwa alimi ambiri mtengo ndiwo uthenga wokhawo umene msika umatumiza kumudzi. Vuto lake ndi loti uthengawo umafika wosakwanira. Mtengo umatiuza kuti china chake chasintha, koma sutiuza ngati ndi ogula amene achuluka kapena ndi katundu amene wachepa, ndiponso sutiuza ngati kusinthako kudzakhalitse. Zimene zinachitika pa msika wa nandolo kuyambira mu 2015 kufika mu 2018 zimaonetsa bwino kusiyana kumeneku, ndipo ndikufuna ndizifotokoze mwatsatanetsatane chifukwa mabanja ambiri a kummwera kwa Malawi anapwetekedwa nazo.

Nandolo amalimidwa kwambiri m'maboma a Thyolo, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Zomba, Machinga, Blantyre, Mwanza, Neno ndi Balaka, kumene minda ndi yaing'ono ndipo anthu amamudzala pamodzi ndi chimanga m'munda umodzi. Chimanga chikakololedwa iye amatsala m'munda, namapitiriza kukula ndi chinyezi chimene mizu yake yaitali imapeza pansi, kufikira atakhwima cha m'ma Julayi mpaka Seputembala. Safuna feteleza wambiri, masamba ake amabwezeretsa chonde m'nthaka, ndipo akakololedwa zotsala zake zimasanduka nkhuni. Pakhomo timamudya wamuwisi, timamuphika ngati ndiwo, ena amapanga chipere. Komabe amene amakhazikitsa mtengo wa nandolo wouma si ife odya a kuno. Gawo lalikulu la nandolo amene amagulitsidwa limathera ku India, kudzera m'madoko a ku Mozambique, chifukwa kumeneko nandolo wosendedwa makoko, amene amamutcha dal, ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku ya anthu mamiliyoni ochuluka. India ndilo dziko lolima nandolo wambiri padziko lonse, komanso ndilo logula wambiri kuchokera kunja. Mwayi wa alimi a kuno unali woti nandolo wathu amakhwima miyezi ingapo wa ku India asanakololedwe, moti amafika kumeneko nthawi imene nkhokwe zawo zatsala pang'ono kutha.

Mu 2014 ndi mu 2015 mvula ya ku India inavuta zaka ziwiri zotsatizana, ndipo zigawo zolima nandolo kwambiri monga Maharashtra ndi Karnataka zinakhudzidwa koopsa. M'nyengo ya 2015/16 dziko lonse la India linakolola nandolo wokwana matani pafupifupi 2.56 miliyoni okha, ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene anthu ake amadya. Pofika Okutobala 2015, dal ankagulitsidwa pa marupi (ndalama ya ku India) pafupifupi 200 pa kilogalamu m'mizinda ina, ndipo nkhaniyi inakula mpaka boma linayamba kulanda katundu kwa amalonda amene ankamubisa podikira kuti mtengo ukwerebe. Kwa anthu a ku India, uku kunali kuchepa kwa katundu: mtengo unakwera pamene nandolo wa m'minda mwawo anachepa. Koma vuto lomwelo litaoloka nyanja linafika kwa ife ndi nkhope ina. Amalonda a ku India anayamba kusakasaka nandolo kulikonse kumene akanamupeza, ku Myanmar, ku Tanzania, ku Mozambique ndi kuno, ndipo makampani otumiza mbewu kunja a ku Limbe ndi Blantyre anatuma mavenda kumidzi ndi ndalama zambiri kuposa kale. M'minda mwathu munalibe chimene chinasintha. Chimene chinasintha chinali mbali ya ogula, amene pa mtengo uliwonse ankafuna nandolo wochuluka kuposa amene ankafuna chaka chapitacho.

Pali njira yodziwira mbali imene yasuntha, ndipo njirayo ndi kuyang'ana mtengo pamodzi ndi kuchuluka kwa katundu amene wagulitsidwa. Ogula akachuluka, mtengo umakwera ndipo katundu wogulitsidwa amachulukanso, chifukwa mtengo wabwino umatulutsa ngakhale thumba limene banja linasungira ndiwo. Ndi mmene zinalili ndi nandolo mu 2015 ndi 2016: masikelo anachuluka m'misewu, magalimoto ankafika m'midzi imene kale sankafikako, ndipo anthu ankagulitsa wambiri pa mtengo wokwera. Katundu akachepa, mtengo umakweranso, koma wogulitsidwa amachepa. Ndi mmene zinalili ndi chimanga mu 2024, pamene ng'amba ya El Niño inaumitsa minda mpaka Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi. Chaka chimenecho mtengo wa chimanga unakwera, koma mlimi wamba sanapindule nawo, chifukwa analibe chogulitsa ndipo iye mwini anasanduka wogula. Mitengo iwiri yokwera imeneyi ikanalembedwa pa bolodi limodzi ikanaoneka yofanana, pamene wina unali chizindikiro cha mwayi ndipo winawo unali chizindikiro cha njala.

Alimi a nandolo anaumva uthenga wa 2015 ndipo anauyankha monga momwe munthu aliyense woganiza bwino akanachitira. Amene ankadzala nandolo mwa apo ndi apo anayamba kumudzala mothithikana, ena anapatula munda wonse kuti ukhale wa nandolo yekha, ndipo mbewuyi inafika ngakhale m'madera a chigawo chapakati kumene kale inkaoneka mwapatalipatali. Mabungwe a zaulimi nawonso ankalimbikitsa anthu, ndipo anali ndi zifukwa zomveka, popeza nandolo amasamalira nthaka ndipo mitundu yatsopano monga Mwaiwathu Alimi imabereka bwino ndi kucha msanga. Koma ulimi uli ndi vuto limene wogulitsa sopo kapena shuga alibe. Mwini golosale akaona kuti katundu akuyenda, amakaoda wina mawa lomwelo, pamene mlimi akaona mtengo wabwino mu Ogasiti amadzala mu Disembala n'kudzagulitsa mu Ogasiti wa chaka chinacho. Pakati pa chisankho chake ndi tsiku logulitsa pamadutsa miyezi isanu ndi itatu kapena isanu ndi inayi, ndipo m'miyezi imeneyo msika sumudikira.

Chinthu china chimene mlimi wa ku Phalombe sakanatha kuona ali m'munda mwake n'choti mtengo womwewo unaonedwanso ndi alimi ena onse. A m'zigawo za Zambezia ndi Nampula ku Mozambique anaonjezera minda, a ku Tanzania ndi ku Myanmar anachita chimodzimodzi, ndipo koposa onse alimi a ku India enieniwo anadzala nandolo wochuluka kwambiri, atakopeka ndi mitengo ya 2015 komanso ndi boma lawo limene linakweza mtengo umene limalonjeza kugulira mbewuyi. Mvula ya 2016 inagwa bwino kumeneko, ndipo zokolola za nyengo ya 2016/17 zinafika matani pafupifupi 4.87 miliyoni, kutsala pang'ono kuwirikiza kawiri za chaka chapitacho. Kumayambiriro kwa 2017 mitengo ya m'misika ya ku Maharashtra inatsika kupitirira mtengo umene boma linalonjeza, ndipo alimi ankakhala masiku ambiri pa mizere ndi matumba awo podikira kuti boma liwagule. Boma limene zaka ziwiri m'mbuyomo linkapempha nandolo kunja tsopano linali ndi alimi ake okwiya. Mu Ogasiti 2017 linalamula kuti nandolo wolowa m'dzikomo asapitirire matani 200,000 pachaka.

Lamulo limeneli linatuluka pa nthawi yeniyeni imene alimi a kuno ankamenya ndi kupeta nandolo wawo. Dziko la Mozambique linali ndi pothawira pang'ono, chifukwa mu Julayi 2016, nduna yaikulu ya India, Narendra Modi, atapita ku Maputo, mayiko awiriwo anasainirana pangano loti India izigula nandolo wa ku Mozambique kwa zaka zingapo, kuyambira matani 100,000 pachaka n'kumakwera mpaka 200,000, ndipo lamulo latsopanolo silinakhudze panganoli. Ngakhale zinali choncho, alimi a kumenekonso anaona mitengo ikugwa. Malawi analibe pangano lotere, choncho khomo linatsekeka kwathunthu pa nthawi imene tinali ndi nandolo wambiri.

Mu 2017 mbali zonse ziwiri za msika zinasuntha nthawi imodzi, ndipo zonse zinakankhira mtengo pansi. Katundu anachuluka chifukwa minda inakula, ndipo ogula anachepa chifukwa wogula wamkulu anachoka. Chimodzi mwa ziwirizi chikanakwanira kutsitsa mtengo, koma zitaphatikizana mtengo unagwa mpaka kufika pa kagawo kakang'ono ka umene anthu analandira zaka ziwiri m'mbuyomo. Akatswiri a zachuma amaphunzitsa kuti zikatere mtengo umadziwikiratu kumene ukulowera, koma kuchuluka kwa katundu wogulitsidwa sikudziwikiratu, chifukwa kuchuluka kwa zokolola kumakukweza pamene kuchepa kwa ogula kumakutsitsa, ndipo chimene chapambana pa ziwirizi ndicho chimaoneka. Kwa ife chinapambana ndi kuchoka kwa ogula. Nandolo amene anakololedwa anali wambiri, koma amene anapeza msika anali wochepa, ndipo wotsalayo anakhala m'nyumba za anthu ndi m'nyumba zosungiramo katundu za amalonda. Pamene tikuwerenga za ulimi tizisiyanitsa manambala awiri amenewa, chifukwa matani okololedwa amaoneka bwino m'malipoti, koma fizi ya mwana imalipiridwa ndi matani amene agulitsidwa.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chimene mtengo unagwera mozama chotere, osati kungotsika pang'ono, ndipo ndikuona kuti yankho lili pa mmene mbali iliyonse imamvera mtengo ukasintha. Mbewu ikakololedwa, kuchuluka kwake kwatha kukhazikika, ndipo mlimi sangaibweze m'munda kuti adikire chaka chabwino. Kusunga nandolo n'kovuta kuposa kusunga chimanga, chifukwa anankafumbwe amamulowa msanga ngati palibe mankhwala kapena matumba osalowa mpweya, ndipo zonsezo zimafuna ndalama. Kuwonjezera apo, nandolo amakhwima nthawi imene sukulu zikutsegulira mu Seputembala, pamene mabanja akuyambanso kuganiza za mbewu ndi feteleza wa nyengo ikudzayo. Munthu amene ali ndi zosowa zoterezi amagulitsa pa mtengo uliwonse umene wapeza. Kumbali ya ogula, mtengo wotsika umayenera kukopa anthu atsopano, koma a kuno sitingadye nandolo wochuluka katatu chifukwa choti watchipa, ndipo mayiko ena ogula nandolo ndi ochepa ndipo amatenga wochepa. Ogulitsa akakhala kuti sangabwerere m'mbuyo, ogula atsopano osaoneka, mtengo umayenera kutsika kutali kwambiri kuti katundu wochepa chabe asunthe. Chimanga chimaonetsa khalidwe lomweli mbali inayo. Chifukwa choti banja silingasiye kudya nsima, zokolola zikachepa pang'ono mtengo umakwera kwambiri, popeza aliyense amalimbirana chochepa chimene chilipocho.

Nthawi imeneyo mkwiyo wambiri unagwera mavenda, ndipo pa ichi ndili ndi maganizo anga. N'zoona kuti pali mavenda a masikelo obera, ndipo n'zoonanso kuti m'mudzi mukafika wogula mmodzi yekha, mlimi sakhala ndi mphamvu yonenerera. Makampani otumiza nandolo kunja nawonso ndi owerengeka, zimene zimachititsa kuti phindu la mtengo wa kunja lisamafike lonse kumudzi ngakhale m'zaka zabwino. Zimenezi ndi zofunika kuzikonza. Koma mavenda amene ankapereka ndalama zochepa mu 2017 ndi omwewo amene ankapikisana kukweza mtengo mu 2015, ndipo mtima wawo sunasinthe m'zaka ziwiri. Chimene chinasintha ndi mtengo umene iwo ankalandira akafika ndi katundu ku Limbe, ndipo ena mwa iwo amene anagula msanga poyembekezera mtengo wa chaka chapitacho analuza mpamba wawo. Tikamalozera chala venda yekha timaphonya chimene chinachitikadi, ndipo tikaphonya chifukwa chake timafunafuna mankhwala olakwika.

Mankhwala amene anthu ambiri amathamangira ndi oti boma likhazikitse mtengo. Chaka chilichonse Unduna wa Zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, ndipo cholinga chake n'chabwino, chifukwa umapatsa mlimi poyambira akamakambirana ndi wogula. Komabe mtengo wolengezedwa subweretsa wogula. Tiyerekeze kuti boma lanena kuti kilogalamu isagulidwe pansi pa K300, pamene kampani ikudziwa kuti ikachotsa zolipira magalimoto, doko ndi sitima, singapindule ikagula kupitirira K150. Kampaniyo siidzagula pa K300 chifukwa choopa lamulo. Idzangosiya kugula, kapena venda adzagula mobisa pa mtengo wake, ndipo mlimi wofuna ndalama lero adzavomera. Mtengo wokhazikitsidwa pamwamba pa umene msika ungathe umachepetsa katundu wogulidwa n'kusiya wochuluka m'manja mwa alimi, pokhapokha patakhala wina wa ndalama amene wakonzeka kugula wotsalayo. Mu 2018 boma linauza ADMARC kuti igule nandolo kwa alimi, ndipo amene anakwanitsa kugulitsa kumeneko anapepukidwa. Koma ndalama za boma zikanangotenga gawo chabe la zokolola, ndipo nandolo wogulidwayo anafunikirabe msika womwe uja umene unatsekeka. Ngakhale India, dziko la chuma chachikulu kwambiri kuposa chathu, linavutika kugula nandolo yense wa alimi ake pa mtengo umene linalonjeza.

Zotsatira zake zinali zosadabwitsa. Alimi ambiri anakhumudwa n'kuchepetsa nandolo, ena anamusiyiratu, ndipo kuchepa kwa katunduko kunayamba kukonza njira yoti mtengo udzakwerenso. Kenaka mbali ya ogula inasunthanso. Mu Meyi 2021 India inachotsa malire aja n'kulola kuti nandolo azilowa momasuka, ndipo mu Juni chaka chomwecho inasainirana ndi Malawi pangano logula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Zokolola za ku India zitatsikanso mu 2022 ndi 2023, amalonda anabwerera m'midzi ndipo mtengo unakwera, koma ena mwa alimi amene anavulala mu 2017 analibe nandolo wokwanira woti agulitse. Pa mitengo ya zaka zimenezi pakufunikanso kusamala kwina, chifukwa ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mbewu yogulitsidwa kunja imakwera mtengo m'makwacha ndalama ikagwa, ngakhale ogula asanachuluke ndiponso katundu asanachepe, ndipo mlimi amadziwa phindu lake lenileni akafunsa kuti thumba la nandolo likugula feteleza kapena chimanga chochuluka bwanji poyerekeza ndi chaka chatha.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndikaganiza za 2017 n'choti mbali yaikulu ya tsokalo inkaonekeratu. Alimi a ku India amadzala nandolo mu Juni ndi Julayi, n'kukolola kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, ndipo zokolola zimenezo ndizo zimakhazikitsa njala kapena kukhuta kwa msika umene nandolo wathu amakaupeza mu Seputembala ndi Okutobala wotsatira. Izi zikutanthauza kuti pamene ife tikudzala mu Novembala kapena Disembala, mbewu imene idzapikisane ndi yathu imakhala ili kale m'munda, itakula, ndipo kukula kwa minda yake kumakhala kutadziwika. Mu Seputembala 2016 boma la India linali litatulutsa kale chiyerekezo choyamba chosonyeza kuti nandolo adzachuluka kwambiri. Palibe akanalosera tsiku la lamulo la Ogasiti 2017, koma aliyense wowerenga manambala amenewo akanadziwa kuti ogula a 2015 sadzabweranso ndi njala yomwe ija. Uthenga umenewo unalipo miyezi iwiri alimi athu asanagwire mbewu m'manja, ndipo umene unafika kumudzi unali wa mtengo wa chaka chatha wokha.

Sindikunena kuti alimi asiye nandolo, chifukwa ngakhale m'chaka cha mtengo woipa mbewuyi imapatsa banja ndiwo, nkhuni ndi chonde, ndipo wolima mosakaniza ndi chimanga sataya zambiri. Amene anapwetekedwa kwambiri ndi amene anapereka munda wonse kapena kutenga ngongole podalira mtengo wa nyengo imodzi. Chimene ndikupempha n'choti a ku unduna, mabungwe a alimi a nandolo ndi mawailesi a m'madera, pofika Okutobala chaka chilichonse, azilengeza m'Chichewa zinthu zimene zimadziwika kale pa nthawiyo: mmene mvula ya ku India yagwera, kukula kwa minda ya nandolo imene yadzalidwa kumeneko poyerekeza ndi chaka chatha, ngati lamulo lolola nandolo wakunja kulowa likupitirira kapena likutha, ndiponso mmene pangano lathu ndi dzikolo lilili. Alangizi akamayenda m'magulu a alimi kukaphunzitsa za katalikitsidwe ka mapando ndi kasungidwe ka mbewu, atha kutenganso manambala amenewa, kuti banja la ku Chiradzulu likamakambirana za mizere ingati yoti lipatse nandolo likhale likudziwa zimene wamalonda wa ku Limbe akudziwa.